Pata Yaifupi ya ku Unit O

Cephas Mponda ananyamula zikwama za anthu osewera gofu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anayamba ntchitoyi makolo ake atangochoka pa famu ya fodya kudzakhala ku Zengeza 3, ndipo kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankakwera kombi kupita ku kalabu ina ya ku Harare, n'kukakhala pansi pa mtengo wa jakaranda pamodzi ndi makadi anzake, onyamula zikwama ngati iye, kudikira kuti wosewera amuloze. Ndipo ankamulozadi. Ankamukonda chifukwa ankadziwa kuwerenga girini, paja pomwe udzu amaumeta mpaka kusalala ngati bulangete, pomwe pamakhala kadzenje. Akanyonyomala kumbuyo kwa mpira n'kunena kuti, "Zala ziwiri kumanzere, bwana," mpira unkakhotadi n'kugwera.

Lolemba lililonse kalabu inkalola makadi kusewera okha, ndipo Cephas anaphunzira masewerawo mpaka kuposa ambiri mwa mabwana omwe ankawanyamulira.

Zinthu zinasokonekera pomwe kalabu inagula tingolo tamagetsi. Wosewera ankangoponya chikwama kumbuyo, n'kukhala, n'kumapita. Pansi pa jakaranda panali makadi makumi anayi. Miyezi isanu ndi umodzi isanathe panatsala khumi ndi awiri. Sabata zina Cephas ankanyamula chikwama chimodzi chokha, masiku ena onsewo n'kubwerera ku Chitungwiza ali chimanjamanja, fumbi lokha kumapazi.

Tsiku lina Tonderai, manijala wa kalabuyo, anamuitanira mu ofesi.

"Mudhara," anatero m'Chishona, kutanthauza mdala, osamupatsa mpando, "komiti ikufuna mphunzitsi mmodzi wa ongoyamba kumene. Ntchito ya mwezi ndi mwezi. Ine ndatchula dzina lanu, koma akufuna munthu wa satifiketi. Mayeso ali Loweruka la sabata ya mawa. Mukakhoza, ntchito ndi yanu. Mukalephera, sindingawauze kuti adikire. Marvellous nayenso walembetsa."

Marvellous anali kadi mnzake wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamsana wowongoka, wosadziwa mantha.

Mayesowo Cephas ankawadziwa bwino, chifukwa anali atawalephera kale kawiri m'miyezi yapitayo. Munthu amasewera maenje 36 tsiku limodzi, ndipo asamenye mpira kupitirira ka 156. Ulendo woyamba anamenya ka 161, wachiwiri ka 163. Mpira ankaumenya patali bwinobwino ngati kale. Vuto linali pa girini. Mpira ukakhala pafupi ndi dzenje, mtunda woti mwana wokwawa angaukankhe ndi dzanja, iye ankaugogoda ndi pata yake, ndodo ija yomalizira, mpira n'kudutsa kumanzere. Ankaugogodanso, n'kudutsanso.

Anayala kapeti yakale pakhonde, n'kugoneka kapu kumapeto kwake, n'kumagogoda mipira mpaka msana kuwawa. Anasintha kagwiridwe. Anasintha kaimidwe. Lachisanu lina ananyamula pata ija m'thumba la ufa kupita nayo kwa mneneri wa mapositori pamiyala ya kufupi ndi mtsinje, ngakhale iye anali wa mpingo wina, ndipo mneneriyo anaiwaza madzi n'kuiimbira nyimbo. Mawa lake mipira khumi, itatu yokha inalowa m'kapu.

Yemwe anabweretsa nkhani ya Winifred anali mwana wake wamkazi, Vimbai, wokwatiwa ku Unit O, ku Chitungwiza komweko. Anaimba foni Lamlungu masana. Bambo ankayankhula Chichewa, mwana n'kumayankha m'Chishona, monga mwa masiku onse.

"Baba, kuseri kwathu kuno kuli mayi wina amakonza ndodo za gofu m'galaja. Anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri. Anthu amachoka ku Borrowdale, kwa anthu olemera kuja, ndi magalimoto awo kudzamuona. Akuti amamuyeza munthu ngati telala, n'kumupangira pata yomukwana. Makolo ake ndi akwathu, a ku Dedza. Ndamuuza za inu."

"Wamuuza chiyani?"

"Kuti mukuwonda."

Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku anayi, Cephas anakwera kombi ya ku Makoni, n'kutsika, n'kuyenda wapansi kulowa mu Unit O, pata yake ili m'manja ngati ndodo ya nkhalamba.

Winifred Kamwendo anali mayi wojintcha, wovala ovololo yabuluu ndi magalasi olendewera pachingwe. M'galaja mwake munali fungo la guluu. Kukhoma kunapachikika mitu ya ndodo yamitundumitundu, pabenchi panali vayisi ndi sowo, ndipo pansi anayala kapeti yobiriwira yaitali yokhala ndi dzenje lenileni kumapeto.

"Takulandirani, achimwene. Tione chida chanucho."

Anaitembenuza pata ija m'manja, n'kuiimika pansi pafupi ndi mwendo wa Cephas. Chogwirira chinafika pamwamba pa mchombo.

"Anakupatsani ndani imeneyi?"

"Bwana wina, pomwe ankasamuka. Papita zaka makumi awiri."

"Anali wamtali bwanji bwanayo?"

"Ankawerama polowa pakhomo."

"Nanga inuyo munayamba mwaweramapo pakhomo la munthu?"

Cephas anaseka pang'ono, koyamba m'masabata ambiri. Anali munthu wamfupi ndithu. Winifred anatenga tepi n'kumuyeza kuchokera pamkono kufika pansi, n'kulemba pakhoma ndi choko. Anamuuza kuti aime ngati akufuna kugogoda, n'kutenga mpira wina n'kuugwetsa kuchokera pakati pa maso ake. Unagwera kutali ndi mpira wapansi uja, mkati, chakumapazi.

"Mwaona? Ndodo yatalika, ndiye mumaima kutali. Maso anu sakhala pamwamba pa mpira. Chimenecho n'chapafupi kukonza. Koma mwasewera nayo chonchi zaka makumi awiri ndipo mipira inkalowa. Ndiye pali china."

Anamata kanyali kakang'ono kumaso kwa pata ija, kamene kamaponya kadontho kofiira kutsogolo munthu akadina batani. Kuseri kwa dzenje anaimika bolodi loyera.

"Lunjikani padzenje. Mukaona kuti mwalunjika, nenani."

Cephas anawerama, n'kuyang'ana dzenje, n'kuyang'ana mpira, n'kukonza pata.

"Ndalunjika."

Winifred anadina. Kadontho kofiira kanatera pabolodi, chikhatho chathunthu kumanzere kwa dzenje.

"Kanyali kanu n'kokhota," anatero Cephas.

Mayiyo sanatsutse. Anatenga pata ija, n'kulunjika yekha, n'kudina. Kadontho kanatera pakati penipeni. Anamubwezera.

Cephas anayesa kakhumi. Kakhumi konse kadontho kanapita kumanzere, malo omwewo, ngati kali ndi kwawo kumeneko. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Cephas ngakhale kunja kunkawomba kamphepo ka mwezi wa Epulo.

"Manja anu alibe mlandu, achimwene. Mpira mukuutumiza komwe mwalunjika. Koma komwe mukulunjikako si komwe kuli dzenje. Tsekani diso lamanzere ndi dzanja, mundiuze zala zomwe ndakweza."

"Ine ndabwerera pata, achemwali. Sindinabwere kuchipatala."

"Tsekani."

"Ndati ndabwerera pata."

Cephas anatola chipewa chake pabenchi n'kulunjika kukhomo. Anafika mpaka pageti. Panja ana asukulu ankadutsa, mayi wina ankakankha wilibala ya zigubu za madzi. Anaima pamenepo dzanja lili pachitsulo cha geti, akuganiza za kapu ija ya pakhonde, za Loweruka, za mtengo wa jakaranda womwe pansi pake pankachepa anthu mwezi ndi mwezi. Akatuluka apa apita kuti? Kwa mneneri wina?

Anabwerera. Anakhala pa kireti ya zakumwa n'kuphimba diso lamanzere. Galaja yonse inasanduka nkhungu. Pomwe panali Winifred panali chinthu chabuluu chopanda nkhope.

"Zala zingati?"

"Sindikuona dzanja lomwe."

"Zinayamba liti?"

"Miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Poyamba ndinkati ndi fumbi." Mawu ake anatsika. "Palibe akudziwa. Ngakhale amake Vimbai. Achemwali, kadi ndi maso. Akangomva ku kalabu kuti Mponda saona, ndani angandiloze? Mabwana awiri atatu omwe atsalawo amanditenga chifukwa choti ndimawerenga girini. Masiku ano ndimawerenga ndi mutu, ndimangokumbukira momwe girini iliyonse inapendekera. Mpira ukauluka ndimamvera kulira kwa ndodo n'kuganizira komwe wagwera."

Winifred anavala magalasi ake, n'kumukweza chibwano, n'kumuyang'ana m'diso kufupi ndi zenera.

"Ine si dokotala, koma izi ndinaziona mwa mayi anga. Ikuoneka ngati ng'ala. Amachotsa, munthu n'kuonanso. Pitani kuchipatala."

"Pofika Loweruka?"

"Ayi. Pofika Loweruka ayi."

Cephas anagwira dzanja la mayiyo ndi manja onse awiri. Anali asanachitepo zotere kwa munthu wachilendo.

"Ndiye ndipangireni ndodo ya munthu wa diso limodzi. Chonde. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Palibe ntchito ina yomwe ndimaidziwa. Sindidziwa kuwotcherera, sindidziwa kuyendetsa galimoto. Pepala lija ndikalephera, basi, ndikakhala pakhonde."

Winifred anachotsa dzanja lake mofatsa, n'kuyang'ana kukhoma nthawi yaitali. Kenaka anatsitsa mutu wa pata waukulu, wakuda, wolemera, wooneka ngati theka la mbale.

Ntchitoyo inatenga mpaka masana. Anadula mpini ndi sowo, mainchesi atatu ndi theka kufupikira poyerekeza ndi wakale uja. Anaumanga mu vayisi n'kuupinda pang'ono pakhosi kuti mutu ukhale pansi mofanana. Anavekapo chogwirira chonenepa ngati chitsononkho cha chimanga, kuti zala zisamanjenjemere. Pamwamba pa mutu wakudawo anajambula mzere umodzi woyera, wokhuthala. Anamuyesa, n'kuwonjezera kachitsulo kolemera pansi, n'kumuyesanso, n'kuchotsa theka lake. Anamusuntha mapazi mpaka diso labwino lija linakhala pamwamba penipeni pa mpira. Pomaliza anatenga mpira n'kuulemba mzere wakuda kuzungulira.

"Tamverani bwino. Kulunjika muzilunjikira kumbuyo, mutanyonyomala, monga mumachitira ndi mabwana anu. Diso lamanzere lija likaona njira, ikani mzere wa mpira uloze kumeneko. Mukaimirira, lumikizani mzere woyera ndi wakudawo. Basi. Musayang'anenso dzenje kuti mukonze."

Cephas anachita momwemo. Anaimirira pamwamba pa mpira. Mzere unkaoneka kuti ukuloza kumanja kwenikweni, kunja kwa dzenje.

"Wakhota," anatero.

"Sunakhote. Gogodani."

"Ukupita kukhoma uwu."

"Gogodani, achimwene."

Anagogoda, koma pomenya penipeni manja anapotoza okha kuti akonze. Mpira unadutsa kumanzere. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anatseka maso onse awiri chifukwa cha mkwiyo, n'kungokankha. Anamva kuti khotyo, mpira m'dzenje.

"Ndodo ndamaliza," anatero Winifred akupukuta manja. "Yakaleyo mundisiyire, ndipo mudzandibweretsere ndodo zina ziwiri ngati zilipo zongokhala kunyumba, tikhala tathana. Koma pali chomwe ndodo singachite. Maenje 36, dzuwa likuswa, mpira ukauluka muuona bwanji? Mufunika munthu wokuonerani."

"Makadi onse ndi anzanga. Ndikatenga mmodzi, pofika madzulo kalabu yonse yadziwa."

"Ndiye pezani yemwe si kadi."

Kuchoka kumeneko sanapite kunyumba. Anapita kumsika wa ku Zengeza komwe mkazi wake, Lena, ankagulitsa zovala za m'mabelo. Anamupeza akupinda masiketi. Anakhala pa belo losatsegula, pata yatsopano ili pamiyendo, n'kudikira kuti wogula achoke.

"Amake Vimbai, pali nkhani. Diso langa lamanja silikuona."

Lena sanasiye kupinda.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Tiyi mumathira pambali pa kapu. Podutsa msewu mumatembenuza thupi lonse ngati muli ndi chithupsa m'khosi. Kutchalitchi munasiya kutsegula buku la nyimbo. Ndimadikira kuti munene nokha. Ndinkaopa kuti ndikayamba ine, mukana, kenaka osadzanenanso."

Cephas anayang'ana pansi. Manyazi ndi mpumulo zinamugwira pamodzi. Kenaka anafotokoza za Winifred, za mizere iwiri, ndi za munthu woonera mpira.

"Ndiye mukufuna ine?"

"Simunapondepo pabwalo la gofu."

"Mpirawo ndi woyera?"

"Woyera."

"Ndiye ndiuona. Ine ndimaona wakuba ali kuseri kwa matebulo atatu."

Masiku atatu otsalawo anawathera pakhonde ndi pabwalo lina lopanda kanthu kuseri kwa sukulu. M'mawa Cephas ankagogoda pakapeti, akulimbana ndi manja ake omwe ankafunabe kukonza zomwe diso linkanama. Lachitatu inalowa isanu mwa khumi. Lachinayi isanu ndi iwiri, kenaka inabwerera pa inayi, ndipo anaponya kapu kukhoma n'kuiswa. Masana Lena ankasiyira mnzake tebulo, n'kukaima kumbuyo kwa mwamuna wake pabwalo paja, dzanja pamphumi, akuphunzira kutsata kanthu koyera m'mwamba mpaka kagwe, n'kusunga m'mutu chitsamba kapena chulu chomwe kagwera pafupi.

Loweruka anakwera kombi yoyamba. Pa kalabu makadi anadzidzimuka kuona Lena, atavala nsapato za tenesi za Vimbai ndi chitenje chomanga zolimba.

"Mudhara, mwabwera ndi apolisi?" anafunsa Marvellous akuseka, koma anavula chipewa n'kupereka moni kwa Lena ndi manja awiri.

Lena anayesa kukoleka chikwama paphewa monga ankachitira enawo. Lamba anamudya. Asanafike n'komwe pa girini yoyamba anavula duku, n'kulipinda nkhata, n'kusenza chikwama chonsecho pamutu chogona, ndodo zikugogodana. Woyang'anira mayeso, mkulu wina wa tsitsi loyera yemwe ankayenda nawo ndi khadi lolembapo, anatsegula pakamwa, n'kuganiza, n'kutsekanso. Panalibe lamulo loletsa.

Pa girini yoyamba mpira unaima mapazi anayi kuchokera padzenje, mtunda womwe unamulepheretsa kawiri konse. Ananyonyomala, n'kuika mzere. Ataimirira, zonse zinaoneka zokhota. Anayang'ana mzere woyera wokhawo, n'kupuma, n'kukankha. Khotyo.

"Basi?" ananong'ona Lena. "Chimene mwakhala mukuwondera n'chimenechi?"

M'mawa wonse pata yaifupi ija inagwira ntchito. Inaphonya kawiri kokha pafupi, ndipo kawiri konseko anali manja ake omwe anapotoza. Mipira yakutali inkamuvuta kuyeza mtunda, ina inkaperewera, ina kupitirira, koma yobwezera inkalowa. Lena ankati, "Wagwera kumanja kwa mtengo wopindika uja, masitepe khumi," ndipo ankaupezadi pomwepo. Maenje 18 oyamba anamaliza ndi 78. Theka lenileni. Anadya mbatata yophika atakhala pansi pa mthunzi. Lena anavula nsapato imodzi, n'kuyang'ana chithuza chomwe chinaphulika pachidendene, n'kuivalanso msanga mwamuna wake asanaone.

Masana miyendo inalema, koma manambala anayendabe bwino. Pofika pa dzenje la 34 anali ndi mpata wa kumenya kumodzi kopitirira. Akangosewera atatu otsalawo mwa masiku onse, pepala linali lake.

Dzenje limenelo limayang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa linali litatsika mpaka pamwamba pa mitengo ya bulugama. Cephas anamenya. Kulira kwa ndodo kunamuuza kuti mpira wapatukira kumanja pang'ono. M'maso mwake munali kuwala kokhakokha.

"Mwauona?"

Lena anachedwa kuyankha. Dzanja linali pamphumi, maso akutuluka misozi.

"Ndauona... wapita cha ku udzu wautali uko. Pafupi ndi kamtengo kaja."

"Mwauona ukugwa? Ngati simunauone nenani, ndimenye wina wodikirira, woti ndisewere ngati uwo wasowa."

"Ndauona."

Udzu wa kumeneko unali wofika m'mawondo, wokula ndi mvula ya chaka chimenecho. Woyang'anira anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti, "Muli ndi mphindi zitatu zoupezera." Anayamba kufunafuna. Lena anatula chikwama n'kumapalasa udzu ndi mapazi, kenaka ndi manja. Cephas anagwada n'kumakwawa, akupapasa pansi ngati wotaya singano, nkhope pafupi ndi dothi. Chisoso chinamumata malaya onse. Anagwira chinthu chozungulira, n'kupeza kuti ndi bowa. Osewera anzake awiri anabwera kudzathandiza. Lena ankapemphera mokweza, Chichewa ndi Chishona pamodzi.

"Nthawi yatha," anatero woyang'anira, ndipo ananena motsitsa, mosakondwa.

Asanamalize n'komwe kutseka pakamwa, mmodzi wa osewera aja anati, "Uwu apa." Unali masitepe makumi awiri kutsogolo, pansi pa kamtengo kena kofanana ndi koyambako, mzere wakuda ukuonekera bwinobwino.

"Wapezeka!" anafuula Lena. "Bambo, wapezeka, si uwu?"

"Wapezeka mochedwa, mayi. Ayenera kubwerera komwe anamenyera, ndi chilango."

"Mochedwa bwanji? Ngakhale kupuma sitinapume! Bambo inu, tayang'anani munthuyu mawondo ake. Chonde. Ndine ndalakwitsa, si iyeyu. Ndinaloza mtengo wina."

"Amake Vimbai," anatero Cephas akuimirira. "Lamulo ndi lomwelo. Ine ndakhala ndikuwauza mabwana zomwezi zaka zonsezi. Tolani chikwama."

Anayenda yekha kubwerera, mtunda wonse uja, anthu a gulu lakumbuyo akumuyang'ana. Dzenje limenelo linamudyera kumenya kuwiri kopitirira. Mpata uja unatha, ndipo tsopano anafunika kubweza kumodzi pa maenje awiri otsala.

Pa la 35 mpira womwe ukanabweza kumenya kumodzi kuja unaima pakamwa pa dzenje, theka lake likusuzumira mkati. Anadikira. Sunagwe.

Pa lomaliza, kumenya kwachiwiri kunagwera mumchenga. Anautulutsa, koma unathamanga mpaka mapazi makumi awiri kupitirira dzenje. Kuti akhoze, unayenera kulowa kuchokera mumchenga momwemo. Ankadziwa kuti zatha. Makadi onse anali ataima m'mbali mwa girini, Tonderai ali pakhonde la kalabu. Cephas ananyonyomalabe, n'kuwerenga, n'kuika mzere wake bwinobwino. Anagogoda. Mpira unakwera kaphiri, n'kukhota, n'kutsika, n'kugwera pakati. Anthu anawomba m'manja, ena kuimba mluzu. Woyang'anira anawonkhetsa kawiri, n'kumuonetsa khadi. 157.

Marvellous anamenya 151.

Lena anakhala pansi pa udzu pomwepo, chikwama chili pambali, n'kufunda duku kumaso. Cephas anakhala pafupi naye.

"Sindinauone ukugwa," anatero Lena m'kati mwa duku. "Dzuwa linandilasa. Ndinaopa kukuuzani, ndinkati mutaya mtima."

"Ndinadziwa. Mawu anu ananditsimikizira kuti simunauone. Ndikanamenya wina, koma ndinafuna kuti zikhale zoona."

Anakhala choncho mpaka anthu anabalalika. Kenaka Cephas anadzuka, n'kusasa chisoso pamalaya, n'kukwera masitepe kupita kwa Tonderai. Anamuuza zonse, za diso, za miyezi isanu ndi itatu, za kuwerenga girini ndi mutu. Anapempha kuti komiti idikire mpaka mayeso a mu Okutobala.

Tonderai anapukusa mutu. "Mukananena kale, mudhara, bwenzi titaona chochita. Pano Marvellous ali ndi pepala m'manja. Ndiwauza chiyani a komiti?" "Za disozo sindiuza munthu. Pitani mukalikonzetse. Pansi pa mtengo paja malo anu alipo."

Ntchito inapita kwa Marvellous. Lolemba Lena anaperekeza mwamuna wake kuchipatala cha maso, komwe anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anati inalidi ng'ala, n'kuwalembera tsiku la mu Julaye. Miyezi itatu yodikirayo inali yowawa. Mabwana awiri mwa atatu aja anayamba kukwera tingolo. Cephas anayamba kuthandiza mkazi wake kumsika masiku a pakati pa sabata, akusenza mabelo kuchokera pa siteji, akuphunzira kusiyanitsa siketi ya ofesi ndi ya kutchalitchi. Mayeso a mu Okutobala analembetsabe, ngakhale panalibenso ntchito yomudikira.

Opaleshoni inatenga nthawi yochepa kuposa ulendo wa kombi. Mawa lake namwino anamatula bandeji, ndipo Cephas anabwerera kunyumba atavala magalasi akuda, Lena atamugwira mkono. Atafika pageti anaima, n'kutsitsa magalasiwo pang'ono. Khoma lakumaso kwa nyumba, lomwe analipaka yekha penti wachikasu pa Khirisimasi, linali ndi zigamba za simenti yosapakidwa mbali yonse ya kumanja, zina zazikulu ngati thireyi.

"Amake Vimbai, nyumbayi yakhala chonchi kuyambira Disembala?"

"Eya."

"Anthu onse odutsa mumsewu akuona?"

"Akuona."

"Penti uja anatsalako?"

"Adokotala ati sabata ziwiri osawerama, osanyamula kanthu. Lowani m'nyumba, bambo."